Dothi la M'munda mwa a Nelia

Kwa Nantusi, Balaka
6 Malichi 1955

Iwe Hilary, mwana wa mlongo wanga,

Moni wa kuno ukupeze kumeneko ku Lindi. Ine ndilipo, bondo lija ndilo limandikumbutsa ukalamba mitambo ikachita bii. Mayi ako a Lena ali bwino. Woyankhula ndine malume ako Blasius, koma cholembera agwira a Enock, a katekisi athu, poti ukudziwa kuti ine zilembo ndimangoziona ngati popalasa nkhuku. Ndawauza kuti alembe monga ndikunenera, asakometse.

Nkhani ndi iyi. Kwa a Nelia tinapita monga unatituma, kukafunsira mwana wawo Dorica. Anatilandira bwino, mphasa anayala yatsopano. Mwanayo atamufunsa anayang'ana pansi n'kuvomera, ndipo mayi ake anabisa kuseka m'nsalu. Koma mwini mbumba kumeneko ndi mlongo wawo wa a Nelia, a Feston, munthu wosathamangira mawu. Iwo anati, "Mnyamatayo tikumudziwa, anakulira pamaso pathu. Koma anachoka kuno akuti akukalima mtedza wa boma ku Tanganyika, ndipo mtedzawo tinamva kuti unakanika. Nanga lero akugwira ntchito yanji?"

Ine ndinati akugwira kwa azungu.

Iwo anati, "Kwa azungu n'kwakukulu, a Mulipa. Wina amaphika, wina amataya zam'chimbudzi, onsewo ali kwa azungu."

Ndinati ndikufunsa kaye, chifukwa zoonadi sunatiuzepo. Choncho tilembere bwinobwino, usadule, kuti ndikayime nazo pamaso pa a Feston. Maina anu sangatchulidwe m'tchalitchi ku Utale iwo asanavomere. Ndipo mwana ngati Dorica, wolima ngati mwamuna, woyimba mosagwetsa nyimbo, sakhalitsa pakhomo popanda omuyang'ana.

Ine malume ako,
Blasius Mulipa

Lindi
17 Epulo 1955

Amalume,

Kalata yanu yandipeza ndili wamoyo. Inachedwa chifukwa imadzera ku Beira, n'kudikira sitima ya pamadzi. Mupereke moni kwa amayi, kwa a Enock, ndi kwa onse a kwa a Nelia.

Ntchito yanga ndikaitchula mwachidule a Feston aseka, chifukwa ndimatsuka matope. Koma imvani yonse. Kuno kuli kampani imene ikufuna mafuta a pansi pa nthaka m'mbali mwa nyanja yamchere. Anthu ake amapita m'mapiri ndi m'zigwa kukasema miyala ndi dongo, n'kubwera nazo m'timatumba. Ine ndimatenga kachibenthu ngati nyemba, ndimakasinja, ndimakaviika m'madzi oyera, ndimavundula, n'kudikira kuti mchenga ukhale pansi. Madzi otsala pamwamba amachita mbuu. Dontho limodzi la madziwo ndimalipaka pakagalasi n'kuliumitsa. Kenako a Dona amene ndimawagwirira amaika kagalasiko pansi pa chipangizo chokuzira zinthu, dzina lake maikulosikopu, n'kusuzumiramo.

Tsiku limene anandilola kusuzumira ndinadzidzimuka mpaka ndinagwetsa mpando. Amalume, m'dontho lija munali timbale tozungulira, tina ngati mawilo a njinga ndi masipoko ake, tina ngati nyenyezi, tosemedwa bwino kuposa zimene mmisiri aliyense angaseme. Kuchepa kwake, fumbi la ufa woyera ndi chimwala. Pansonga ya singano tingakhalepo tambiri ngati anthu a pamsika wa Balaka.

A Dona akuti timeneti ndi zigoba za ndere. Osati ndere zobiriwira za m'chithaphwi mwathu, koma abale ake okhala m'nyanja yamchere, amene amayandama m'madzi atavala timbale ta laimu. Ikafa ndereyo, timbale timamira. Timaunjikana pansi pa nyanja zaka zosawerengeka mpaka tisanduke dongo, dongolo n'kusanduka mwala. Ndiye pamene mwatipeza, dziwani kuti panali nyanja, ngakhale lero pakudya mbuzi.

Chachikulu n'chakuti timeneti timaulula msinkhu wa mwala. Mukakumana ndi mayi wa mphini kumaso ndi chiboo pamlomo wam'mwamba, simufunsa, mumadziwa kuti ndi wa nthawi ya agogo. Wa mphini zokha ndi wa msinkhu wa amayi anga. Wa nkhope yosalala ndi mnzake wa Dorica. Nderezi nazonso zinkasintha kavalidwe. Mtundu wina unkabwera, n'kukhala nthawi yake, n'kutha osabwereranso, wina n'kulowa m'malo. Choncho a Dona akaona mawilo a mtundu wakuti amati mwala uwu ndi mkulu, akaona nyenyezi zakuti amati uwu ndi mng'ono wake, ngakhale miyalayo yachokera m'mapiri otalikirana. A kampani amafuna kudziwa zimenezi chifukwa mafuta amabisala pansi pa miyala ya msinkhu wake.

Mayi ameneyu ndimamugomera. Amakhala pampando kuyambira m'mawa, diso limodzi pachipangizo, dzanja likujambula zimene akuona, osayasamula. Akalakwitsa kamwendo kamodzi ka nyenyezi amafufuta chithunzi chonse. Paja mumati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ine ndawaona munthu wodekhayo.

Tsono ndili ndi pempho. Mtima ukufuna kudziwa ngati nyanja inafikapo kwathu. Munditumizire dothi la malo atatu, lakuya osati lapamwamba, loyera kapena lotuwa, lokwana m'dzanja. Lililonse mulikulunge palokha, ndipo musasokoneze. Pa ntchitoyi dothi losadziwika kwawo a Dona amalitaya pawindo.

Ine mwana wanu,
Hilary

Kwa Nantusi, Balaka
29 Meyi 1955

Iwe Hilary,

Tili bwino, kaya iwe. Kalata yako a Enock anatiwerengera pansi pa mtengo wa mango, ndipo ndinawapempha kuti abwereze pamene pali mphini paja. Mayi ako anagwira masaya awo n'kuti, "Ndiye mwana wanga wandisandutsa mwala!" Ine ndinafunsa a Enock ngati nyanja yofika paphiriyo si chigumula cha Nowa. Iwo anati zimenezo sangalembe asanafunse a bambo mfumu.

Ndinapita nayo kwa a Feston. Anamvetsera mpaka kumapeto, n'kuti, "Ntchito yake ndi yachilendo, koma wabodza sangapeke zotere. Tidzakambe tsiku tikakolola mapira." Ndiye mtima wako ukhale pansi.

Dothi ndatumiza. Loyamba ndi la m'chitsime chimene tinakumba ndi malemu bambo ako. Ndinatsikiramo ndekha pamakwerero, bondo likudandaula. Lachiwiri ndi la pagombe la Rivirivi, pamene madzi anagumula chaka chatha. Lachitatu ndinalifuna kwambiri, chifukwa kuno dothi lonse ndi lofiira kapena lakuda. Kenako ndinakumbukira chigwembe cha kumunsi kwa munda wa a Nelia, mmene muli mzere woyera ngati phulusa, wakuya kufika m'chiuno. Ndinapita kukaodira, koma ndinapeza apita kumaliro ku Liwonde, onse ndi Dorica yemwe. Sindinafune kuphonya sitima, choncho ndinalowa n'kukumba pang'ono.

Mawu ako oti ndisasokoneze ndiwo anandivuta, poti a Enock anali ku Utale ndipo ine kulemba ayi. Koma Mulungu anandipatsa nzeru. La m'chitsime ndamanga ndi chidutswa cha chingwe chotungira madzi. La kumtsinje ndamanga ndi luzi, n'kusomekapo kabango. La m'munda mwa a Nelia ndamanga ndi kansanza kofiira ka madontho oyera, kamene ndinamasula pachingwe chawo choingitsira mpheta m'mapira. Ndi ka nsalu yawo yakale. Ukangokaona udziwa mwini munda, sungasokoneze.

Ku Balaka ndinapita kwa a Hamadi, telala wa pakhonde la sitolo, kuti andisokere phukusilo m'bafuta. Anatembenuza timitolo tonse titatu, n'kugwira kofiira kaja nthawi yaitali. Anati, "Nsalu iyi ndinapinda ndine. Si ya che Nelia iyi?" Ndinati ndi yomweyo, muli ndi maso. Kenako anasoka phukusilo. Ndi mmisiri wabwino, ulusi wake sungadule ndi mano.

Utiuze ngati nyanja inafika.

Malume ako,
Blasius

Kwa Nantusi, Balaka
12 Juni 1955

Hilary,

Moni ndi wochepa lero. Matupi ali bwino, koma zinthu zaipa.

A Hamadi anauza mkazi wawo, mkaziyo anauza anzake pachigayo, ndipo pofika Lamulungu nkhani inali itadzaza mudzi. Akuti a Mulipa analowa m'munda mwa a Nelia eni ake ali kumaliro, anatapa dothi, analimanga ndi nsalu ya pathupi pa mayiyo, n'kulitumiza kunyanja yamchere kumene kuli asing'anga oopsa. Palibe liwu labodza pamenepo kupatula asing'angawo, ndipo n'chimene chikundisowetsa pogwira.

A Feston anatiitana. Mphasa sanayale. Anati, "A Mulipa, inu ndi wamkulu. Munthu akatapa dothi m'munda mwa mnzake amafuna chiyani?"

Ndinati kale ankafuna mfumba, mankhwala okokera zokolola za mnzake m'nkhokwe mwake.

"Nanga akamanga ndi nsalu ya mwini munda?"

Ndinati pamenepo ankafuna mwini mundayo.

"Ndiye mwadziyankha nokha."

Ndinati iyayi, nsaluyo inali chizindikiro chabe, m'malo mwa cholembera. Ndinafotokozanso za timbale ndi nyenyezi. Mkazi wa a Feston anaseka n'kuti, "Nyenyezi m'dothi! Ife timaziona kumwamba, a kwa Mulipa amaziona pansi. Maso otere munthu sabadwa nawo." Kalata yako imene inawakondweretsa mwezi watha ndiyo yasanduka umboni. Akuti munthu wosinja miyala, woviika, woona zimene ena saona, ntchito yake ili ndi dzina lina kuno.

A Nelia nawo analipo. Anakhala chapatali, nsalu atafunda kumutu. Mayi amene uja ndi wamasiye, munda umenewo ndi umene walerera ana. Sindinaonepo mkwiyo pankhope pake, ndinaona mantha, ndipo ndikadakonda mkwiyo.

Chigamulo ndi ichi. Dothi libwerere monga linapitira, lonse, pamodzi ndi nsalu, mvula isanagwe. Likapanda kubwera, kapena likabwera lokhudzidwa, za ukwati zithere pomwepo. Choncho usamasule kamtolo kofiira. Ukabweze monga kalili, ndi sitima yoyamba.

Blasius

Lindi
3 Julayi 1955

Amalume okondedwa,

Ndili bwino, ndipo ndine wokondwa kwambiri. Phukusi lafika pamodzi ndi kalata yanu ya Meyi. A Dona ataona zizindikiro zanu, chingwe, kabango ndi kansalu, anaomba m'manja n'kuti anthu ena ophunzira amabwera ndi timatumba tosadziwika kwawo, koma mkulu uyu ndingamulembe ntchito lero.

Dothi lonse ndaligwira kale. La m'chitsime ndi la ku Rivirivi mulibe kanthu, mchenga wokhawokha. La m'munda mwa apongozi anga ndilo linandipatsa chiyembekezo chifukwa cha kuyera kwake, choncho ndinalisinja lonse, ndinaliviika, n'kupanga timagalasi tambiri. Ndasuzumira mpaka maso kulira. Timbale ta nyanja yamchere mulibe. A Dona akuti dothi la pamwamba pa dziko lathu ndi lina, ndipo yankho loti mulibe nalonso ndi yankho. Ndakhumudwa pang'ono, koma ndadziwa.

Nkhani yaikulu ndi ina. M'dongo lotuwa la paphiri la kuseri kwa nyumba zathu kuno mwatuluka nyenyezi imene mulibe m'mabuku onse a a Dona. Ili ndi miyendo isanu ndi umodzi, ndipo mwendo uliwonse kumapeto kwake ndi wa mphanda ngati mzati wa nkhokwe. Anaitsegula mabuku onse, analembera anzawo ku Ulaya, ndipo onse akuti sanaionepo. Imapezeka m'mzere umodzi wokha wa dongo, pamwamba pake mulibe, pansi pake mulibe. Ndiye kuti inakhala nthawi yochepa m'nyanja, ndipo aliyense amene adzaipeze, kaya kuno kaya dziko lina, adzadziwa msinkhu wa mwala wake mosaphonya. A Dona akuilemba maonekedwe ake onse, kutalika kwa miyendo, kupindika kwake, kuti asindikize m'buku. Kagalasi kamene anaioneramo koyamba ndinapaka ndine. Anati kupaka kwanga n'kopyapyala bwino, moti kamwendo kalikonse kanaoneka.

Taganizani, amalume. Kanthu kaja kanagona mumdima kuyambira anthu asanalengedwe, mbuzi zikukaponda, ndipo diso loyamba kukaona linali m'chipinda chimene ine ndimasesa.

Muwauze a Feston kuti tsiku asankhe iwo. Tchuthi ndapempha cha Disembala.

Mwana wanu,
Hilary

Kwa Nantusi
7 Ogasiti 1955

A Hilary,

Moni. Ndine Dorica. Ndikulemba ndekha ndi pensulo, mukhululuke zilembo. Amalume anga sakudziwa kuti ndalemba.

Kalata yanu ya Julayi inafika. A Mulipa sanafune kuibisa, anati munthu wobisa kalata ndiye mfiti yeniyeni. Anabwera ndi a Enock kudzaiwerenga pakhomo pathu. Atafika pamene munati munalisinja lonse n'kuliviika, amayi anadzuka n'kulowa m'nyumba. A Enock anayesa kudumpha mawuwo, koma a Mulipa anati werengani monga alembera. Ndikudziwa kuti makalata anapingasana panjira, ndipo simunadziwe. Koma kuno zimenezo sizikuchiza munthu.

Amayi sakudya bwino. Ali ndi chifuwa chimene amakhala nacho nyengo yozizira iliyonse, koma chaka chino akuti ndi madzi amene munawaviikamo. Kumunda sapitako. Mapira ndinamweta ndekha ndi mng'ono wanga, ndipo anabereka bwino, koma amayi akuti mankhwala amayamba chaka chotsatira.

Ine sindikhulupirira kuti munafuna kutichita choipa. Munthu woipa salemba zimene wachita n'kutumiza kwa akatekisi. Ndipo nyenyezi yanu ya miyendo ya mphanda ndinaijambula pansi ndi kamtengo kuti ndione mmene ingaonekere, kenako ndinafufuta ndi phazi anthu asanaone. Koma ndikuuzeni chinthu chimodzi. Musatilemberenso kufotokoza. Mukamafotokoza kwambiri, iwo akuopa kwambiri. Amayi anga sakufuna kumvetsa ndere. Akudziwa kuti chinthu chawo chili m'manja mwa munthu wakutali, ndipo iwo m'manja mwawo mulibe kanthu.

Kuli mphunzitsi wina wa ku Phalula amene watumiza anthu kwa amalume. Sanamuyankhe, koma sanamukanenso. Ine ndanena kuti sindifuna. Mawu anga ali ndi polekezera, inunso mukudziwa.

Dorica

Lindi
11 Sepitembala 1955

Amalume,

Makalata awiri andipeza pamodzi, yanu ya Juni, imene inachedwera ku Beira, ndi ina yochokera kumudzi komweko. Ndawerenga, ndipo manyazi andigwira. Wolakwa ndine, amene ndinapempha dothi ngati mlendo wosadziwa kwawo. Inu munangochita mosamala zimene ndinakutumani.

Dothi la apongozi silingabwerere monga linalili, ndipo sindinama kuti lingatero. Ndasonkhanitsa lonse limene linatsala m'mbale, ndaliumitsa padzuwa, ndapala ndi lumo ngakhale la pa timagalasi. Ndi lochepa kuposa limene munatumiza ndipo lasanduka ufa. Ndalimanga ndi nsalu yawo yomweyo. A Dona anandifunsa chifukwa chimene ndikupalira magalasi, ndipo nditawauza sanaseke. Anandithandiza kupala.

M'phukusimo muli kamtolo kachiwiri. Ndakumba pansi m'nyumba imene ndimagona, pamene pamakhala mutu wanga pamphasa. Ndamanga ndi mkono wa malaya anga a ntchito, osachapa, thukuta lili momwemo. Ndauzidwa kuti apongozi m'manja mwawo mulibe kanthu. Mukawapatse kameneka m'manja mwawo, osati mwa a Feston. Ngati dothi ndi nsalu zili ndi mphamvu pa mwini wake, mphamvu imeneyo akhale nayo iwo pa ine. Achite nako chimene akufuna, kaya kusunga, kaya kupita nako kumene angafune. Sindidzafunsa.

Musawonjezere mawu ena. Koma inu nokha ndikuuzeni, poti mumakonda kudziwa. Nyumba zathu kuno anazira ndi dongo la paphiri lija. Ndisanamange kamtoloko ndinapakako dontho limodzi pagalasi, ndipo nyenyezi ija ilimo, yambirimbiri. Miyezi yonseyi ndakhala ndikuigonera.

Mwana wanu,
Hilary

Kwa Nantusi, Balaka
30 Okutobala 1955

Iwe Hilary, mwana wa mlongo wanga,

Tili moyo tonse. Kukutentha moti mbalame zikuyasama m'mitengo, ndipo kum'mawa mitambo yayamba kuunjikana. A Enock ndawauza kuti asongole pensulo, chifukwa lero ndinena pang'onopang'ono.

Phukusi ndinakalitenga ku Balaka. A Hamadi anandiona ndikudutsa nalo, n'kuyimitsa makina. Ndinati, "Bwerani mudule ulusiwu ndinu, muonenso zili m'katimu, kuti pachigayo pakamveke zonse." Anachita manyazi, koma anadula, ndipo anaona.

Kwa a Nelia ndinapita ndi mayi ako. A Feston anafika, ndi anthu ena amene sanaitanidwe. Ndinayamba ndi kamtolo kofiira. A Feston anamasula, anatapa ndi zala, n'kupukusa mutu. Anati, "Ili si dothi limene linapita. Uwu ndi ufa. Tinagwirizana kuti likabwera lokhudzidwa nkhani yatha."

Ndinati zoona, ndipo mwanayo sanakane. Kenako ndinanyamuka, ndinapita pamene anakhala a Nelia, ndinagwada ndi bondo langa loipali, n'kuika kamtolo kachiwiri m'manja mwawo. Ndinanena mawu atatu okha: dothi la kumutu kwa mphasa yake, malaya ake, zanu.

Mkazi wa a Feston, uja woseka nyenyezi, anagwira pakamwa n'kuti, "Mwana ameneyu ndi wamisala? Wadzipereka yekha?"

A Nelia anakatembenuza. Ananunkhiza nsaluyo. Anati, "Fungo la munthu lilimo." Kenako anandifunsa, "A Mulipa, akudziwa chimene munthu woipa mtima angachite ndi zimenezi?"

Ndinati anakulira kuno, akudziwa.

"Ndipo watumiza."

Ndinati watumiza.

Analowa m'nyumba ndi timitolo tonse tiwiri, n'kutseka chitseko. A Feston anati nkhani idakali pamene inali. Tinabwerera opanda yankho, ndipo mayi ako analira panjira, akuti ndapereka mwana wawo ngati nkhuku.

Sabata inatha. Lachisanu m'mawa Dorica anafika, thukuta kamukamu, akuti amayi akukuitanani, mubwere ndi khasu. Ndinapita ndi mtima m'manja. Ndinapeza a Nelia atayima kuseri kwa nyumba yawo, pamalo osalala pafupi ndi mtengo wa masau, a Feston ali pambali atapinda manja. Chifuwa chija chinali chitawasiya, koma za chimene chinachiza sindilowererapo.

Anandiuza kuti ndikumbe. Ndinakumba kadzenje. Anamasula kofiira, n'kukhuthuliramo ufa wa m'munda mwawo. Anamasula ka iwe, n'kukhuthuliramonso dongo lotuwa lija. Anasakaniza ndi dzanja lawo, anakwirira, n'kupondaponda ndi chidendene.

A Feston anati, "Achemwali, mukuchita chiyani? Nkhaniyi ndi ya ine."

Iwo anati, "Ukwati ndi wa inu, achimwene, koma dothi ndi langa. Ndagona nalo sabata yonse kumutu kwanga, ndipo ndagona tulo. Munthu wofuna kundipha sakadandipatsa mpeni." Kenako anatembenukira kwa ine, n'kunditchula dzina limene sananditchulepo chiyambire, limene amatchulana anthu amene ana awo akwatirana. Anati, "Asewere, mumulembere mkamwini wangayo. Dothi lake lili pano. Akalifuna abwere adzamange nyumba pamwamba pake."

A Feston anayang'ana kumwamba, anayang'ana pansi, n'kuti ku Utale apita okha Lamulungu kukapereka maina. Anawonjeza kuti akufuna kudzaona ndi maso awo ngati munthu wotsuka matope amadziwa kuponda matope a nyumba. Ndinati zimenezo ndi za pakati pa inu ndi iye.

Mkono wa malaya sanabweze. Ndinaufunsa, iwo anaupinda n'kuusomeka m'chiuno. Akuti umenewo ausunga mpaka aone mmene ukumusungira Dorica.

Ndisanachoke, anthu atabalalika, anandikodola. Anafunsa motsitsa mawu, "Zija za miyendo ya mphanda, zilimodi mmenemu?" Ndinawayang'ana, poti ine sindinawauze kuti zilimo. Anati, "Dongo lotuwa la paphiri, si mmene analembera kale? Ndinali m'nyumba, koma makutu ndili nawo." Ndinati zilimo zambirimbiri. Anayang'ana pamene anapondapo paja nthawi yaitali, n'kuti, "Ndiye a Dona akewo ali ndi imodzi m'buku, ine ndili ndi mudzi wonse." Anatenga miyala n'kuzinga malowo kuti nkhuku zisapalase.

Mitengo ya nyumba tayamba kudula ndi asuweni ako. Udzu ndiwo wavuta, moto unapsereza dambo. Usadikire Disembala ngati a Dona angakulole, chifukwa mvula ikagwa pamalo paja popanda denga, apongozi ako adzakufunsa za nyenyezi zawo, ndipo ine ndayankha mokwana chaka chino.

Ine malume ako,
Blasius Mulipa